MMENE A POSITI AWERENGERA NTCHITO YA ONYAMULA MAKALATA

Anthu ambiri ogula sitampa pa positi ofesi amadabwa ndi chinthu chimodzi. Munthu wa ku Ndirande akalemba kalata yopita kwa mbale wake ku Bangwe, pamtunda woti mnyamata wa njinga angafikepo dzuwa lisanatenthe, alipira ndalama zofanana ndi mnzake amene kalata yake ipita ku Chitipa kapena ku Nsanje. Koma munthu yemweyo akabwera ndi phukusi la nsapato ndi zovala, aliika pa sikelo namuuza mtengo wina wokwera ndithu, ngakhale phukusilo lingopita pa Lunzu pomwepa. Ena amati a positi amangotchula mitengo ya m'mutu mwawo. Mtengo woona umachokera m'chiwerengero, ndipo chiwerengerocho chivuta koposa pa malo amene anthu saganizirako konse, ndiwo khomo la kuseri kwa positi, pamene onyamula makalata apakira katundu m'galimoto.

NDALAMA ZITHERA M'MANJA

Amene anafufuza bwino nkhani imeneyi kale anali mphunzitsi wa ku England, dzina lake Rowland Hill. M'masiku ake mtengo wa kalata unkatsata kutalika kwa ulendo ndi kuchuluka kwa mapepala, ndipo kawirikawiri wolipira anali munthu wolandira kalatayo, kotero kuti amphawi ena ankakana makalata a ana awo chifukwa chosowa ndalama. Kalata yochokera ku London kupita ku Edinburgh, ulendo wa mamailosi ngati 400, inkadya shilingi imodzi ndi kobiri limodzi ndi theka. Bwana Hill anatenga ndalama zimene Boma linkalipira ngolo ya akavalo ya pa ulendowo nazigawa pa katundu yense wa m'ngolomo, ndipo m'kabuku kamene anasindikiza m'chaka cha 1837 anaonetsa kuti kunyamula kalata imodzi ulendo wonsewo sikunkafika ngakhale pa kobiri limodzi. Kunali kagawo kamodzi mwa magawo 36 a kobiri. Ndalama zina zinali msonkho chabe, ndipo pa zimene zinkatheradi pa ntchito, zochuluka zinkathera pa anthu: wolandira kalata pa zenera, wolemba mtengo wake m'buku, wosankha, womanga matumba, ndi wokapereka pa khomo amene ankaima kudikira kuti amlipire.

Boma linamva mau akewo. Kuyambira pa 10 January 1840 kalata yopepuka inayamba kuyenda pa kobiri limodzi kuli konse m'dzikomo, ndipo mu May chaka chomwecho inatuluka sitampa yomata yoyamba pa dziko lapansi, yakuda, ya nkhope ya Mfumukazi Victoria. Maiko ena anatsatira. Nchifukwa chake kalata ya ku Bangwe ndi ya ku Chitipa zilipira chimodzimodzi, pakuti chodula pa kalata ndi manja amene aigwira.

MANJA A PA BLANTYRE

M'dziko lino masitampa oyamba anatuluka m'chaka cha 1891, ndipo anali a British South Africa Company odindidwapo zilembo B.C.A. Mu 1893 anafika Ernest Harrhy kuchokera ku positi ya ku Cape Town kudzakonza ntchitoyi. Makalata a kunja ankalowera pa Chinde, kumathiriro a Zambezi, nakwera mtsinje wa Shire pa sitima, ndipo pamtunda ankasenzedwa ndi amtengatenga oyenda pansi. Kanyumba ka pa Namaka, m'mbali mwa msewu wa Blantyre ndi Zomba, m'mene amtengatenga ankapumira, kanasandutsidwa nyumba yosungiramo mbiri ya positi. Masiku amenewo kuwerenga ntchito kunali kosavuta: munthu mmodzi, thumba limodzi, masiku akutiakuti. Njanji itafika pa Blantyre mu 1908, ndipo pambuyo pake malole ndi ndege, thumba linayamba kudutsa m'manja ambiri.

Lero ntchitoyi aigwira a Malawi Posts Corporation, amene anapatukana ndi a matelefoni m'chaka cha 2000. Kalata yoponyedwa pa positi ya Ndirande iyamba yadindidwa tsiku, kenaka isankhidwa, imangidwa mu mtolo pamodzi ndi zinzake za njira imodzi, iikidwa m'thumba, ndipo thumbalo limangidwa pakamwa ndi kupachikidwa kachikwangwani ka kumene lipita. Lipakiridwa m'galimoto, litsitsidwa pa ofesi yaikulu, limasulidwa, ndipo kalata ija isankhidwanso nilowa m'thumba lina, limene likwezedwanso ndi kutsitsidwanso, kufikira kalatayo iponyedwa m'bokosi la mwini wake. Anthu ambiri a ku Chilomoni, ku Zingwangwa ndi ku Machinjiri, monganso a kumidzi, alandirira makalata awo m'bokosi la sukulu, la mpingo kapena la ku ntchito. Pa ulendo wonsewu kupakira ndi kutsitsa kubwera kangapo, ndipo nkumene kumathyola msana.

Tsono vuto ndi ili. Wantchito mmodzi yemweyo, m'mawa umodzi, agwira makalata wamba, makalata a rejisitala, nyuzipepala, maphukusi a amalonda ndi katundu wachangu wa EMS, koma pa kutha kwa mwezi alandira malipiro amodzi. Pa malipiro amenewo, ndi zingati zimene ziyenera kuchokera kwa ogula sitampa, ndipo ndi zingati kwa otumiza maphukusi? Kumuikira kapitao womtsata tsiku lonse ndi wotchi sikungatheke, pakuti antchito angachuluke kawiri ndipo sitampa ingakwere mtengo chifukwa cha kuwerenga komweko. Kumuuza mwini wake kuti azilemba sikuthandizanso. Munthu amene manja ake onse ali pa thumba sangagwire pensulo, ndipo madzulo akumbukira zolemera zokha naiwala zopepuka.

KUTAPAKO PANG'ONO

Njira yake aidziwa kale amayi onse. Wophika ndiwo sadya mphika wonse kuti adziwe ngati mchere wakolera. Atapako pang'ono nalawa. Wogula fodya ku okushoni ya ku Limbe nayenso samasula belo lonse tsamba ndi tsamba, koma asolola masamba owerengeka naweruza belo lonse. Chofunika nchakuti mayi uja ayambe watakasa mphika, pakuti wotapa pamwamba osatakasa alawa mafuta okha.

Amene anabweretsa nzeru imeneyi pa kuwerenga ntchito ya anthu ndi L. H. C. Tippett, katswiri wa masamu amene ankagwira ntchito ku Shirley Institute, mu mzinda wa Manchester, m'mene ankafufuza za thonje ndi nsalu. Eni mafakitale ankafuna kudziwa kuti makina awo oombera nsalu amaima nthawi yochuluka bwanji, ndiponso chifukwa chiyani. M'malo moika munthu pa makina ali onse, Bwana Tippett ankazungulira m'fakitale pa nthawi zosiyanasiyana, ndipo pofika pa makina ankangoyang'ana kamodzi nalemba kuti akuyenda kapena aima, ndi chimene chawaimitsa. Ataphatikiza zolemba zambirimbiri anapeza yankho loyandikira kwambiri la munthu wokhala pompo tsiku lonse. Anafalitsa njirayi m'zaka za m'ma 1930. Tanthauzo lake nlakuti ngati munthu ayang'anidwa ka 100 pa nthawi zosankhidwa mwamaere, ndipo ka 20 apezeka akuchita ntchito yakuti, ndiye kuti ntchitoyo imdyera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a nthawi yake. Maere aja ndiwo kutakasa kwa mphika.

Positi imene inazama kwambiri pa njira imeneyi ndi ya ku America, ndipo chinaikakamiza ndi lamulo. M'chaka cha 1970 nyumba ya malamulo ya kumeneko inakonzanso positi ya dzikolo, ndipo mwa zina inalamula kuti mtundu uli wonse wa makalata uzilipira ndalama zimene ntchito yake imadya, wina asasenze katundu wa mnzake. United States Postal Service, imene inayamba ntchito pa 1 July 1971, iri ndi ziwerengero zingapo zotapako. China chiwerenga makalata amene wopereka atuluka nawo pa njira yake, china chiyeza malo amene katundu atenga m'malole ndi m'ndege, ndipo china, chotchedwa In-Office Cost System, chiyang'ana antchito ali pa ofesi.

Chomalizachi chiyenda motere. Makina asankha mwamaere ofesi kapena wantchito, pamodzi ndi tsiku ndi nthawi. Kalaliki wa chiwerengero afika pa nthawi yakeyo namuyang'ana munthuyo monga achitira wojambula chithunzi. Chimene achiona pa kamphindi komweko ndicho alemba, osati chimene munthuyo anali kuchita posachedwa kapena chimene ati achite. Mafunso ali kale pa kompyuta yonyamula, ndipo abwera motsatana: munthuyu ali pati, akuchita chiyani, ndipo kodi m'manja mwake muli kanthu? Ngati muli kalata imodzi, kalaliki aibwereka naona maonekedwe ake, kulemera kwake ndi zizindikiro za malipiro zimene ziri pa envulopu, kuti adziwe mtundu wake. Ku maofesi akutali mafunso omwewa afunsidwa pa telefoni, ndipo woyang'ana ndi mkulu wa pa ofesipo. Kuyang'ana kuli konse kuimira ndalama zakutizakuti za malipiro, ndipo pa kutha kwa chaka ziphatikizidwa zonse.

PA KHOMO LA KUSERI

Wantchito woima pa tebulo losankhira savuta kumlemba, pakuti kalata iri m'dzanja lake imodzi imodzi. Wopakira galimoto ndiye amazunguza mutu.

Owerenga adziwe kuti ku America wopereka makalata amafika pa khomo ndi khomo, ndipo ambiri ali ndi galimoto yawoyawo ya ntchito imene apakira okha. M'mawa wopereka aima pa kabati ya timapanga tambiri naika makalata motsata nyumba za pa njira yake. Akatha awatsitsa, awaika m'mathireyi, aunjika mathireyiwo pa ngolo ya mawilo pamodzi ndi maphukusi, nakankha kupita pabwalo pamene pali galimoto. Koma si katundu yense amene adzera pa kabati. Kuyambira m'chaka cha 1993 makina anayamba kusanja makalata motsata nyumba, kotero kuti mathireyi ambiri afika atakonzeka kale, ndipo wopereka angowanyamula kupita nawo ku galimoto. Maphukusinso salowa m'timapanga chifukwa cha kukula. Katundu wotere wopereka ayamba kumgwira kwenikweni pa nthawi yopakira. Chiwerengero chimene chikadalekera pa khomo la ofesi chikadaonetsa ngati kuti makalata osanjidwa pamanja ndiwo okha amene amtopetsa m'mawa, maphukusi osaoneka konse.

Choyamba kuvuta ndi wotchi. Wantchito amadinda nthawi pa makina posintha ntchito, ndipo maola ake agawidwa pawiri, a mu ofesi ndi a pa msewu. M'mabuku a positi ya kumeneko nthawi yopakira iwerengedwa pamodzi ndi ya pa msewu, ngakhale galimoto isanalizidwe nkomwe. Motero wotchi inena kuti munthuyu ali pa msewu, pamene maso aona kuti akadali pabwalo la positi, theka la thupi lake liri m'galimoto. Nchifukwa chake kalaliki afunsa mafunso awiri osiyana, lina la kumene munthuyo wadinda, lina la pamene waimadi. Akasakaniza mafunso awiriwa, mphindi zomwezo ziwerengedwa kawiri, mu ofesi ndi pa msewu, kapena zigwera pakati osawerengedwa kuli konse. Mphindi khumi pa munthu mmodzi ndi zochepa, koma pa antchito zikwi zambirimbiri, masiku asanu ndi limodzi pa sabata, zisanduka ndalama zoopsa.

China nchakuti wopakira sagwira kalata imodzi imodzi. Agwira thireyi, mtolo, thumba, kapena akankha ngolo yodzaza. Akapezeka ndi phukusi limodzi palibe vuto, lilembedwa lomwelo. Akapezeka ndi mtolo umene zonse ziri zofanana, monga mapepala otsatsa malonda a sitolo imodzi, kalaliki atengapo limodzi nalemba kuti onse ndi otero. Koma thireyi ya makalata osakanizika iri ndi lamulo lake: kalaliki atenga kalata ya pamwamba nailemba, ndipo saloledwa kusankha. Poyamba lamuloli lioneka ngati lachibwana, popeza kalata imodzi siingaimire thireyi yonse. Nzoona siingaimire thireyi imeneyo, koma makalata a pamwamba a mathireyi zikwi zambiri aimira bwino ndithu zimene zimakhala m'mathireyi. Kalaliki akadapatsidwa ufulu, dzanja lake likadapita pa envulopu yokongola, kapena yaikulu, kapena yosavuta kuwerenga, ndipo mphika ukadakhala wosatakasa.

Ngolo yodzaza siingathiridwe pansi kuti iwerengedwe, pakuti galimoto siidikira ndipo anthu akudikira makalata awo. Kalaliki aiyang'ana nayerekeza ndi maso kuti malo a mathireyi ndi aakulu bwanji, a matumba bwanji, a maphukusi osamanga bwanji. Pambuyo pake a masamu agawa ndalama za kuyang'ana kumeneko motsata zimene zinapezeka m'mathireyi ndi m'matumba ena amene anaonedwa m'kati. Apa njirayi ifookerapo, chifukwa diso la munthu limanamizidwa ndi katoni yaikulu yokhala pamwamba.

Palinso nthawi ya chimanjamanja. Wopakira abwerera kukatenga zina, atsegula chitseko, akankha ngolo yopanda kanthu, akonza malo m'galimoto. Zonsezi ndi ntchito ndipo zilipiridwa, tsono kalaliki alemba mosabisa kuti m'manja munalibe kalata. Ndalama za nthawi yotere zigawidwa motsata katundu amene anapezeka pa kuyang'ana kwina kwa ntchito yomweyo. Zina sizipatsidwa mtundu wina uli wonse wa makalata, monga zambiri za ulendo wozungulira njira, umene uyenera kuyendedwa ngakhale makalata achepe kapena achuluke. Zimenezo ziwerengedwa za onse pamodzi. Masiku ano kamakina ka m'manja kamathandizako, pakuti wopereka akamapakira akhoza kuwalitsa nambala ya phukusi liri lonse, kamakinako nikamuuza mbali ya galimoto yoliika. Koma kamakina kadziwa phukusi lokhala ndi nambala, sikadziwa thukuta la pa thireyi.

Malamulo onsewa sakhala obisika. Bungwe la Boma lotchedwa Postal Regulatory Commission, limene linalandira dzina limeneli mu 2006, liyenera kuvomereza njira yowerengera isanasinthidwe, ndipo limafunsa mafunso olembedwa amene a positi ayankha poyera. Makampani onyamula maphukusi, monga UPS, amalowa nawo m'zokambirana zimenezi, pakuti ngati positi ichepetsa ndalama za ntchito ya maphukusi m'mabuku ake, ikhoza kutsitsa mitengo niwalanda malonda, otumiza makalata wamba ndiwo nalipirira. Motero funso laling'ono la chimene munthu anali atanyamula pa khomo la galimoto limafika pamaso pa maloya.

MASAMU AKE

Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza kuti njira imveke, si a positi iri yonse ayi. Tayerekezani kuti pa ofesi ina yonga ya Limbe malipiro a onyamula makalata pa mwezi ndi K1,000,000, ndipo kalaliki wawayang'ana ka 1,000 pa nthawi za maere. Ka 200 wawapeza akupakira galimoto. Ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo asanu a nthawi yawo lithera pa kupakira, ndipo gawo lomwelo la malipiro ndi K200,000. Pa 200 paja, ka 120 anali atanyamula phukusi, ka 40 thumba la makalata, ndipo ka 40 anali chimanjamanja. Popeza maphukusi aposa makalata katatu, 40 ya chimanjamanja igawidwa chimodzimodzi, 30 kwa maphukusi ndi 10 kwa makalata. Maphukusi akhala ndi 150, ndiyo K150,000. Makalata 50, ndiyo K50,000.

Tsono ngati mwezi umenewo panadutsa maphukusi 500 ndi makalata 10,000, kupakira phukusi limodzi kwadya K300, ndipo kupakira kalata imodzi K5. Koma akadangogawa K200,000 ija pa zinthu zonse 10,500 mosasiyanitsa, chiri chonse chikadasenza pafupifupi K19. Mayi wa ku Machinjiri wolembera mwana wake wa ku sukulu yogonera akadalipirira kupakira pafupifupi kanayi kuposa poyenera, ndipo wamalonda wotumiza makatoni a zitsulo za njinga akadapeputsidwa ndi ndalama za mayiyo. Kulakwira mbali inayo nkoipanso. Maphukusi akasenzetsedwa zoposa zawo, amalonda athawira ku mabasi ndi ku makampani ena onyamula katundu amene ali ndi ziphaso za MACRA, ndipo positi itaya malonda amene ikadasungira nawo maofesi ang'onoang'ono a kumidzi, pa nthawi ino imene makalata achepa chifukwa cha mafoni a m'manja.

Njirayi iri ndi malire ake, ndipo nkoyenera kuwanena. Chinthu chosowa, monga kalata ya rejisitala, chikhoza kupezeka kawiri kokha mwezi uno ndi kasanu mwezi wamawa popanda chimene chasintha. Ndi maere chabe. Kuti kuphonya kotere kuchepe ndi theka, kuyang'ana kuyenera kuchuluka kanayi, ndipo kuyang'ana kuli konse kumadya ndalama. Nyengonso zisiyana. Katundu wa mu December, pamene abale a ku Johannesburg atumiza za Khirisimasi, safanana ndi wa mu February, ndipo Lolemba silifanana ndi Lachinayi, kotero kuti maere ayenera kumwazika chaka chonse. Ndiponso munthu akaona kalaliki akubwera amasintha machitidwe; wokhala pansi adzuka nagwira thumba. Nchifukwa chake antchito ayenera kuuzidwa bwino kuti chiwerengerochi sichifuna dzina la waulesi. Wopezeka akumwa tiyi pa nthawi yake yopuma alembedwa kuti akupuma, basi, pakuti kupumako nakonso kuli m'mtengo wa ntchito.

MATUMBA A KUNJA

Kuwerenga kotapako kumakhudza thumba la Malawi pa makalata ochokera kunja. Maiko anapangana ku Bern, m'dziko la Switzerland, pa 9 October 1874, nakhazikitsa bungwe limene lero litchedwa Universal Postal Union, ndipo Malawi inalowamo mu 1966. Pangano loyamba linali lakuti dziko liri lonse lisunge ndalama za masitampa ake, nilipereke makalata a anzake kwaulere, poganiza kuti kalata iri yonse imabala yankho. Sizinayende choncho. Maiko olemera ankatumiza mabuku ndi nyuzipepala zambiri zimene sizinkayankhidwa, ndipo antchito a maiko osauka ankasenza katunduyo popanda cholowa. Pa msonkhano wa ku Tokyo mu 1969 anagwirizana kuti dziko lotumiza zochuluka lizilipira lolandira theka la franc ya golide pa kilogalamu iri yonse yopyolera.

Pambuyo pake anaona kuti kulemera kokha sikukwanira, chifukwa cha nzeru yomwe ija ya Bwana Hill. Kilogalamu imodzi ikhoza kukhala buku limodzi, kapena timakalata makumi angapo timene tifuna kusankhidwa kamodzi kamodzi. Motero malipiro ayang'ana kulemera ndi kuchuluka komwe. Matumba onse ayezedwa pa sikelo, ndipo lamulo la bungweli silola thumba kupitirira makilogalamu 30, poganizira msana wa wonyamula. Koma kuwerenga za m'thumba liri lonse sikungatheke, tsono pakati pa maiko otumizirana katundu wambiri matumba ena asankhidwa pa masiku oikika, amasulidwa, ndipo za m'katimo ziwerengedwa kuti apeze kuti kilogalamu imodzi imakhala ndi zinthu zingati. Kumene katundu ali wochepa agwiritsa nambala imodzi imene maiko onse anagwirizana. Nkhani ya malipiro amenewa inautsa mkangano waukulu pamene America inaopseza kutuluka m'bungwemo chifukwa cha timaphukusi ta malonda tochokera ku China, kufikira msonkhano wapadera wa ku Geneva mu September 2019 unalola maiko kutchula okha mitengo ya timaphukusi totere, mwa malire ena.

Thumba lotsika m'ndege pa Chileka kapena pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe libwera ndi kachikwangwani kolembedwa kulemera kwake, ndi mapepala a bungweli amene adziwika ndi manambala, monga CN 31 ndi CN 38. Wolandira ayenera kufananiza pepala ndi sikelo, ndipo akapeza kusiyana alembera ofesi yotumiza. Wongosaina osayeza ataya ndalama za dziko, ndipo ndalama zimenezo ndi zomwe zikadathandiza kulipira amene apakira thumbalo m'galimoto ya ku Blantyre, ndi amene alitsitsa pa Chichiri, pa Ndirande kapena pa Bangwe.

Aphunzitsi ofuna kuonetsa ana a m'makalasi apamwamba mmene kutapako kumagwirira ntchito safunika zipangizo zogula. Athire m'chitini njere za chimanga 300 ndi nyemba 100, osawauza ana manambalawo. Mwana mmodzi atakase, atsinzine, atapemo njere 20 imodzi imodzi, alembe pa bolodi nyemba zimene wapeza, nabwezere zonse m'chitini. Wina apeza zitatu, wina zisanu ndi ziwiri, ndipo ana ayamba kutsutsana. Koma ana khumi akatapa, pa njere 200 nyemba zikhala pafupi ndi 50, ndilo gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo apo mphunzitsi akhuthule chitini ana awerenge okha. Kenaka athire chimanga pansi, nyemba zonse pamwamba, aletse kutakasa, ndipo ana khumi ena atapenso alembe manambala awo pambali pa oyamba aja.